Ciyambi ca Maluwa a Mkwatibwi

Kawirikawiri banja likamakonzera ukwati wa m'chalichi pamabuka mtsutso pa nkhani ya maluwa. Ena amati mkwatibwi sangathe kuima pamaso pa mbusa ali cimanjamanja, nafika pokongola ndalama kuti agule maluwa a m'sitolo. Ena amati zimenezi nzacabe. Mtsutso wotere sukhalitsa anthu akadziwa kumene mwambowu udacokera.

Kale lomwe, m'dziko la Aroma, namwali wokwatiwa ankabvala nkhata ya maluwa ndi zitsamba pansi pa nsaru yophimba kumutu. Iye mwini ndiye ankapita kukathyola maluwawo, kotero kuti panalibe za malonda.

Koma mwambo umene uli wodziwika lero lino udakula ndi Mfumukazi Victoria wa ku Mangalande. Pa 10 February 1840 iye adakwatiwa ndi Kalonga Albert m'nyumba yopemphereramo ya ku St James's Palace. Tsikulo sadabvale cisoti cacifumu ai, koma cobvala coyera ndi nkhata ya maluwa a mtengo wa malalanje. Mtengo umenewu umatha kukhala ndi maluwa ndi zipatso nthawi imodzi, cifukwa cace anthu ankauyesa cizindikiro ca kubala. Ndipo kuyera kwa duwa lace kunkafanizira kudzisunga kwa namwali. Akazi ambiri adatsanza mfumukazi yao. Popeza ku Mangalande kumazizira, ndipo malalanje sakula bwino pabwalo, amisiri ankaumba maluwa a phula ofanana ndi enieniwo kuti osauka nawonso apezeko.

Duwa laciwiri ndilo la citsamba cochedwa myrtle, cimene Buku Lopatulika licicha mcisu. M'caka ca 1845 Victoria adakaceza ku Gotha, m'dziko la Ajeremani, kumene agogo ace a Albert adampatsa kamtolo ka maluwa momwe mudali kanthambi ka citsambaci. Kanthambiko kadabzalidwa ku Osborne House, pa cisumbu ca Isle of Wight, ndipo kadaphuka. Mwana wace woyamba, dzina lace Victoria yemwe, adanyamula nthambi ya citsambaco pokwatiwa m'caka ca 1858. Kuyambira pamenepo akwatibwi ambiri a banja lacifumu akhala akuika kanthambi kotere m'maluwa ao, monga adacitira Elizabeth m'caka ca 1947 ndi Catherine Middleton m'caka ca 2011.

Maluwa a ukwati adasandukanso cikumbutso ca akufa. Pa 26 April 1923 Elizabeth Bowes-Lyon, polowa m'chalichi ca Westminster Abbey kukakwatiwa, adaima natula maluwa ace pa manda a Msilikari Wosadziwika. Iye adakumbukira mlongo wace Fergus, amene adafa pa nkhondo ya ku Loos m'caka ca 1915. Akwatibwi acifumu otsatira akhala akutumiza maluwa ao pa manda omwewo ukwati utatha.

Tsono amishoni a ku Scotland amene adayamba nchito ku Cape Maclear m'caka ca 1875, ndi ku Blantyre m'caka ca 1876, anali anthu a m'nthawi ya Victoria, ndipo pamodzi ndi Uthenga Wabwino adadza ndi makhalidwe a kwao. Cobvala coyera ndi maluwa zidalowa m'maukwati a Akristu a ku Malawi podzera pa khomo limeneli, kufikira anthu ena adayesa kuti ndilo lamulo la mpingo. Koma pakati pa Acewa banja limaima pa ankhoswe, amene amagwirizanitsa mbali ziwiri ndi kuweruza milandu ya m'nyumba. Ndipo m'chalichi banja limaima pa malonjezo a awiriwo pamaso pa Mulungu ndi mboni. Maluwa sali mwa zimenezi.

Cimene mbiriyi ionetsa ncakuti maluwa amene akumbukika mpaka lero sadachuke cifukwa ca mtengo wace, koma cifukwa ca tanthauzo lace: kanthambi ka agogo, ndi kamtolo kotulidwa pa manda a mbale. Mphunzitsi akafunsidwa ndi makolo kapena ana a sukulu za nkhaniyi, ayenera kuwamasulira kuti duwa lothyoledwa pakhomo pa amai ace a mkwatibwi silicepa pamaso pa logulidwa ndi ngongole. Paja akulu adati fodya wako ndiye ali pamphuno.