Amisiri Osalipidwa ndi Maso a Anzao

M'mapiri a dziko la Katete muli mapanga ndi matanthwe amene anthu akale analembapo zithunzi. Awiri mwa malo amenewa, ndiwo Makwe ndi Mkoma, ali m'kaundula wa boma ndipo atetezedwa ndi lamulo. Pa Makwe anakumbapo a David Phillipson, amene anali pa nchito yoyang'anira malo akale a dziko la Zambia kuyambira caka ca 1964 kufikira 1973, ndipo m'dothi la m'phangamo anapezamo timiyala takuthwa ta anthu amene anagonamo zaka zikwi zingapo zapitazo. Zimene anapeza pa Makwe, pa Thandwe ca ku Chipata ndi pa Kalemba ca ku Chadiza anazilongosola m'buku lao la caka ca 1976, lotchedwa The Prehistory of Eastern Zambia.

Munthu akaimirira pansi pa matanthwe otere aona zithunzi za mitundu iwiri. Zakale kwambiri nzofiira: mizere, timikombero, ndi zina zonga makwerero, ndipo anthu ophunzira za makedzana ati anazilemba ndi Akafula, alenje aafupi aja amene Acewa anawapeza m'dziko muno. Zina nzoyera, zopakidwa ndi cala cobviika m'dothi loyera, ndipo kawirikawiri zakhala pamwamba pa zofiirazo. Izi nza Acewa. Zina mwa izo zioneka ngati cikopa ca nyama coyanika, miyendo inai tambalale ndi mcira, ndipo a Benjamin Smith ndi a Leslie Zubieta, amene anafufuza zithunzi zotere ku Zambia ndi ku Malawi, anapeza kuti zigwirizana ndi cinamwali ca atsikana. Zina zifanizira zilombo za nyau. Zonga zomwezi zicuruka ku Chongoni, m'dziko la Dedza, kumene kuli malo 127 amene bungwe la UNESCO linawalandira m'caka ca 2006 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Mwa olemba zithunzi amenewa panalibe wolandira malipiro, ndipo panalibe woika dzina lake pa thanthwe. Anali alimi, amai a m'mudzi, anamkungwi. Komatu cinthu coyenera kucilingalira ndi ici: kucokera ku Katete kufikira ku Dedza ndi ulendo wa masiku ambiri pa mapazi, koma cithunzi ca cikopa coyanika cija cifanana kuno ndi uko. Kufanana kotere sikungadze mwangozi. Wolemba aliyense analemba pamene anzake analembapo kale, akuona nchito yao, ndipo pambali pake panali anthu odziwa tanthauzo la cithunzico, amene sakanalola kuti cipotoke, pakuti cithunzi copotoka cikanapotozanso mwambo umene namwali anayenera kutengapo. Thanthwe linali bolodi, ndipo oyesa nchito anali anzake a wolembayo.

Pa bwalo la gule ndi pamene mkhalidwe umenewu uoneka poyera koposa. Zocitika ku dambwe sizilembedwa pa pepala, ndipo nkhani ino sidzalowako. Koma zimene zituruka kufika pa bwalo aziona ndi onse, Akristu omwe. Cilombo cikafika, oweruza ake ndi oimba ng'oma, amai oomba m'manja, ndi amuna a midzi ina amene abwera ndi zao. Kasiyamaliro wolukidwa bwino, wa makoko a cimanga oyalana mosasiya mpata, amai amamuimbira ndi mtima wonse, ndipo mbiri yake imveka kutsidya kwa dambo. Wolukidwa mwaulesi anthu amangomuyang'ana, ndipo kukhala cete kwa amai ndi cidzudzulo cowawa kuposa mau. Zilombo zikuluzikulu zotere zitenthedwa mwambo ukatha, cotero kuti palibe cosungira mudzi caka camawa koma cikumbumtima ca amene anaziona. Umo ndimo zatsopano zinalowera m'gule. Simoni wa nkhope yofiira, woseka Mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya, ndi cilombo ca galimoto, zonsezi sizinaliko Azungu asanafike. Wina anayamba, bwalo linakondwera, ndipo midzi ina inatengera niwonjeza. Zimene bwalo silinakondwere nazo zinaferatu pomwepo.

Amai naonso anali ndi bwalo lao pa kuumba mbiya ndi pa kuzira nyumba dzinja litapita, pamene mnzako wodutsa ndi mtsuko pamutu saleka kunena ngati mkombero wa mphika wapendeka.

Amishoni atafika, a mpingo wa Dutch Reformed ku Magwero m'caka ca 1899 ndi ku Nyanje, m'dziko la Sinda, m'caka ca 1905, analetsa Akristu ao kupita ku nyau, ndipo mkangano wa sukulu ndi dambwe unakhala zaka zambiri. Masukulu anadza ndi zabwino zao: ukalipentala, kumanga ndi njerwa, kusoka, kujambula ndi pensulo. Koma anadzanso ndi kayesedwe kena, kakuti mwana aonetsa nchito yake kwa munthu mmodzi yekha, naabisira anzake ndi mkono, ndipo mphunzitsi alembapo nambala yofiira. Pa masamu kayesedwe aka nkoyenera. Pa kujambula nkokayikitsa, pakuti ana omwewo akaturuka panja naumba ng'ombe za dothi kapena kupinda magalimoto a waya, sadikira mphunzitsi. Auzana okha kuti nyanga izi zafupika, linunda ili lakhala kumbuyo, gudumu ili silizungulira, ndipo ng'ombe ya mawa iposa ya lero. Mphunzitsi wopacika zojambula zonse pa khoma, nalola ana kuyamba kulankhula iye asananene kanthu, sabweretsa cacilendo m'kalasi. Gule nayenso sanafe: Kalonga Gawa Undi X anadzutsanso mwambo wa Kulamba m'caka ca 1984, ndipo mwezi wa Ogasiti magulu a kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Pembamoyo ku Vubwi, ndi a ku Malawi ndi Mozambique asonkhana pa Mkaika, aliyense akuona za mnzake. M'caka ca 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala cimodzi ca zaluso zopambana za anthu.

Tsono mbiri ya amisiri osalipidwawa iri ndi cigawo cina cimene cinacitikira kutali ndi kwao. Cifukwa ca msonkho ndi kusowa kwa ndalama, anyamata ambiri a kum'mawa kwa Northern Rhodesia, a ku Nyasaland ndi a ku Tete anapita ku Walale, ndiko ku Southern Rhodesia, kukagwira nchito m'migodi ndi m'mapulazi a fodya. Ena anabwerako ndi njinga, ena anatchona. Pulazi limodzi lotere linali la a Tom Blomefield, pa malo otchedwa Tengenenge, kufupi ndi Sipolilo, kumene tsopano ati Guruve. Pa 11 Novembala 1965 boma la a Ian Smith linadzipatula ku Britain popanda cilolezo, maiko ambiri analeka kugula fodya wa Rhodesia, ndipo a Blomefield anatsala ndi anchito amene sakanatha kuwalipira. M'caka ca 1966 a Crispen Chakanyuka, amene anaphunzira kusema miyala kwa a Joram Mariga ku Nyanga, anawaonetsa kuti m'phiri la pa pulazipo muli mwala wotchedwa serpentine, wosemeka bwino ndiponso wowala ukapukutidwa. Mmodzi mwa oyamba kutenga nyundo anali a Lemon Moses, wanchito wocokera ku Malawi, ndipo anzao poona anatsatira.

Anthu amenewa sanalowepo m'sukulu ya zosemasema, ndipo ambiri a iwo sukulu iriyonse anaipita pang'ono. Panali Acewa, Ayao, Ashona, ndi ena ocokera ku Angola. A Blomefield sanali mphunzitsi. Anapatsa anthu zida, mwala ndi cakudya, ndipo wofuna kuyesa sanambweze. Aliyense anali ndi kamalo kake pansi pa mitengo, kumene anaimika zosema zake pa zitsa, poyera, pamene mnzake wopita kukatenga mwala anayenera kudutsa. Watsopano anayamba ndi kupukutira wodziwa, akuona m'mene agwirira nyundo, ndipo cosema cake coyamba cinaonedwa ndi maso ambiri cisanaonedwe ndi wogula. Kwa Mcewa woleredwa pafupi ndi bwalo la gule zimenezi sizinali zacilendo, ndipo gule yemwe anali kubvinidwa pa Tengenenge monga m'mapulazi ena ambiri a m'dzikomo.

Mwa iwo munali a Fanizani Akuda, Mcewa wa mfunda wa Phiri, wobadwira ku Northern Rhodesia m'caka ca 1932, amene anapita ku Walale m'caka ca 1949. Anagwirako nchito zosiyanasiyana, kuchola thonje, kumanga nyumba, kuluka madengu, ndipo pa Tengenenge anayamba monga wokumba miyala yoti ena aseme. Atatenga zida iwo eni, anapeza njira yao imene munthu aizindikira ali patali: nkhope zobulungira zomwetulira, maso onga kamng'alu kopyapyala, anthu oimba mluzu, mai ndi ana ake oumbatirana m'mwala umodzi. Pamalo pomwepo panaturuka a Bernard Matemera, osema zinthu zonenepa zooneka pakati pa munthu ndi nyama, amene analandira mphotho ku New Delhi m'caka ca 1986. A Henry Munyaradzi, a nkhope zofatsa za mizere yowerengeka. Ndi a Josia Manzi, mwana wa Ayao a ku Malawi. Kuonerana sikunawasandutse munthu mmodzi. Amene anali ndi mphatso, poona nchito ya anzao tsiku ndi tsiku, anadziwa msanga cimene ciri cao cokha.

Panali munthu wina amene anaganiza mosiyana, ndiye a Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba yoonetseramo zaluso ku Salisbury, imene inatsegulidwa m'caka ca 1957. Iwo anakhala zaka zambiri ku Paris pakati pa amisiri omveka, ndipo anali ndi diso lakuthwa. Poyamba zosema za ku Tengenenge zinali kupita kwa iwo, ndipo anasankhamo zowerengeka nakana zambiri, pakuti anaopa kuti nchitoyo ingasanduke tizidole togulitsa kwa alendo pa bwalo la ndege. A Blomefield anali ndi mabanja ofuna kudya, ndipo sanaone cifukwa cotayira nchito ya munthu cifukwa munthu mmodzi sanaikonde. M'caka ca 1969 awiriwa anapatukana, ndipo a McEwen anatsegula malo ao ku Vukutu pamodzi ndi a Sylvester Mubayi, amene anayambira ku Tengenenge komwe.

Sikwapafupi kupatsa mmodzi wa iwo mlandu wonse. Kusankha kouma mtima kwa a McEwen ndiko kunafikitsa miyala ya m'dzikolo ku Musée Rodin, mu Paris, m'caka ca 1971, ndipo mantha ao sanali acabe: kumene kulibe wokana, cosema cimodzi cikagulidwa msanga, mwezi wa mawa upeza zofanana naco khumi, pakuti mnzako wanjala atengera cogulika, osati cokoma. Pa bwalo la gule cinyengo cotere cinalibe malo, popeza panalibe wogula. Koma nkoonanso kuti munthu wokumba miyala, wosadziwa Cizungu, sakanafika pa khomo la a McEwen pakanapanda malo amene anamlola kuyamba moipa pakati pa anzake kufikira atakhoza. Diso la katswiri lidziwa kusankha mbeu yokhwima. Kumera kwake kunacitika pakati pa anthu wamba.

Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe itakula, dera la Sipolilo linakhala loopsa ndipo osema ambiri anabalalika. A Fanizani anasamukira ku Chitungwiza m'caka ca 1975, koma a Josia Manzi ndi banja lao anatsala pamalopo. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1980 anthu anayamba kubwerera, ndipo ana ndi adzukulu a oyamba aja anatenga nyundo. A Blomefield anatula udindo m'caka ca 2007 m'manja mwa a Dominic Benhura, wosema wina womveka, ndipo anamwalira m'caka ca 2020. A Fanizani anamwalira m'caka ca 2011, atakhala ku Walale zaka 62. Zosema zao ziri m'nyumba za zaluso ndi m'minda ya maluwa ku Ulaya ndi ku Amereka, ndipo m'mabuku ambiri a kumeneko nchito yonse ya osema a m'dzikolo, ya Acewa ndi Ayao yomwe, itchedwa ndi dzina limodzi lakuti zosema za Ashona.