Kunyezimira kumene kudapha mawotchi akale

"Yangochoka kumene kokonzedwa, taonani mmene ikuwalira." Awa ndi mawu amene wogulitsa wotchi yakale amakopera nawo kasitomala, ndipo ine ndimawakayika. Kawirikawiri kuwalako ndi umboni wakuti wotchiyo yapalidwa, zaka zake zapita ndi fumbi la chitsulo.

Mawotchi a pamkono adayamba ngati zokongoletsera za amayi olemera ku Ulaya. Amuna adawazolowera pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pomwe msilikali adalibe mpata wopisa m'thumba kuti aone nthawi. Manambala ndi mivi ankazipaka radium kuti ziziwala mumdima, mankhwala amene adapha atsikana ambiri ogwira ntchito yopakayo ku America. Cha m'ma 1960, tritium idalowa m'malo mwake.

Masiku amenewo wotchi inali ngati khasu. Ikapita kokonzedwa ankaichotsa nkhope yofuwa n'kuika yatsopano, kusintha mivi, kupala chitsulo chakunja mpaka zipsera zonse zitatha. Pa za radium sindingawadzudzule okonzawo, ndi yoopsadi. Koma chizolowezicho chidapitirira ngakhale pomwe padalibe choopa.

Kenako pa 25 December 1969 kampani ya Seiko idatulutsa Astron, wotchi yoyendera batire. Mawotchi a batire atafala, ogwira ntchito za mawotchi ku Switzerland adatsika kuchoka pa 90,000 mu 1970 kufika cha pa 30,000 m'zaka za m'ma 1980. Kwa ine apa ndi pomwe zinthu zidasokonekera: wotchi yopukusa idasanduka chachikale, amisiri odziwa adabalalika, ndipo nkhope zoyambirira zidatayidwa ngati zinyalala.

Mtengo wa zotayikazo udaoneka mu October 2017, pa okushoni ina ku New York. Pa tebulo padali wotchi ya katswiri wina wa mafilimu amene ankakondanso mpikisano wa magalimoto. Adamugulira ndi mkazi wake, n'kulembetsa kumbuyo kwake mawu omuchenjeza kuti aziyendetsa mosamala. Mu 1984 mkuluyo adangoivula n'kupatsa mnyamata amene ankayenda ndi mwana wake wamkazi. Idafika pamsika nkhope yake ili yomweyo yakale, zipsera zili apo. Wogula woyamba, pa foni, adatchula madola 10 miliyoni anthu asanakhazikike n'komwe. Patatha mphindi 12 idapita pa madola 17.75 miliyoni. Dzina la mwiniwake lidathandiza, inde, koma ikadakhala yopalidwa ndi nkhope yobwereka, ogulawo akadagula chiyani?

Mmisiri wosamala lero amamasula makina am'kati kachidutswa ndi kachidutswa, kutsuka, kuthira timadontho ta mafuta, kusintha timphira totsekereza madzi, basi. Tritium imene idasanduka yachikasu amaisiya, ngakhale idaleka kale kuwala. Akakakamizika kusintha kachitsulo kotha, kakaleko amakabweza kwa mwiniwake m'kathumba. Komabe eni mawotchi ambiri amayamba alemba pa pepala kuti "musapale" asanaisiye wotchi m'manja mwa munthu.