Mfuti zitatulidwa: mbiri ya thandizo kwa asilikali akale ndi mabanja awo

Amvetseri anzanga a m'makalabu, chaka chilichonse pa 4 Outubro timakumbukira tsiku lomwe a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasayina pangano la mtendere ku Roma mu 1992. Za atsogoleriwa timazimva kawirikawiri pa wailesi. Lero tiyeni tione mbali ina ya mbiriyi: msilikali atatula mfuti, iye ndi banja lake adadya chiyani?

Nkhondo ya zaka 16 itatha, gulu la United Nations lotchedwa ONUMOZ lidasonkhanitsa asilikali a mbali zonse ziwiri m'misasa. Pofika kumapeto kwa 1994, anthu pafupifupi 92,000 adali atavula yunifolomu. Ambiri adali a boma, ndipo oposa 20,000 adali a Renamo. Aliyense adapatsidwa zovala za anthu wamba, khasu, mbewu ndi chakudya choyambira, komanso galimoto yomutengera kumudzi komwe wasankha, iye pamodzi ndi mkazi ndi ana.

Padalinso ndalama ya miyezi 24. Miyezi 6 idalipidwa ndi boma, ndipo miyezi 18 idachokera ku mayiko othandiza kudzera ku UNDP. Msilikali ankapita ndi kabuku ka macheke ku banki ya BPD pakatha miyezi iwiri iliyonse. Ndalamayo inkatsata udindo wa munthu ku usilikali, choncho msilikali wamba ankatenga yochepa zedi, ndipo wokhala kutali ndi banki ankataya ina pa ulendo. Komabe idathandiza. Ena adafolera nayo nyumba, ena adagula njinga kapena mbuzi.

Kumbukiraninso kuti nthawi yomweyo anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi omwe adathawira ku Malawi ankabwerera. A ku Angónia ndi Tsangano ankachokera ku Dedza ndi Ntcheu, n'kupeza mabwinja okhaokha, minda ina ili ndi mabomba okwirira. Msilikali uja ankafika pakhomo poti aliyense akuyambira paphulusa.

Koma vuto lalikulu lidali apa: thandizo lonse lidalembedwa m'dzina la yemwe adafika ku msasa. Nanga mayi amene mwamuna wake adafera kutchire? Iye adalibe kabuku ka macheke. Akazi omwe ankasenza katundu, kuphika ndi kusamala ovulala ambiri sadawerengedwe ngati asilikali. Pa anthu 100 alionse ochotsedwa usilikali, akazi sadakwane awiri. Ana omwe adagwidwa n'kupatsidwa mfuti, ambiri adangobwezedwa kwa abale awo opanda ndalama ija. Penshoni nayo inkafuna zaka 10 za usilikali wa boma, ndiye zaka za omwe adali ku Renamo sizidalowe m'kaundula. Ndalama ya miyezi 24 itatha, mabanja ambiri adangoti kakasi.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Asilikali akale adadzisonkhanitsa m'bungwe la AMODEG, ndipo olumala pa nkhondo adali ndi lawo, ADEMIMO. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwe dzulo lake ankaomberana adayamba kukhala pa mphasa imodzi, poti njala ya ana siifunsa kuti bambo adali mbali iti. Mabungwewa ndiwo ankagogoda pa zitseko za maofesi kufunsa za penshoni, za miyendo yoikirira ndi za ntchito.

Mayankho adabwera mochedwa. Mu 2000 boma lidakhazikitsa unduna woona za asilikali akale. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo nambala 16/2011, Estatuto do Combatente. Lamuloli lidatchula za penshoni, thandizo la kuchipatala, thandizo pa maliro ndi mwayi wa sukulu kwa ana, ndipo amasiye a msilikali nawo adalowamo. Koma lamulo lili papepala, nsima ili m'mbale. Zaka zotsatira, gulu la asilikali akale lotsogozedwa ndi a Hermínio dos Santos lidachita zionetsero ku Maputo kufuna penshoni yokwanira, ndipo apolisi adalibalalitsa kangapo.

Mfuti zidaliranso m'chigawo chapakati kuyambira 2013. Pa 6 Agosto 2019 a Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade adasayina pangano lina ku Maputo, ndipo ankhondo a Renamo oposa 5,000 adatula zida. Ulendo uno nkhani ya penshoni sidaiwalike: boma lidaivomereza mu 2023, chaka chomwenso msasa womaliza wa ku Gorongosa udatsekedwa. Kuchokera ku Roma kufika apo padapita zaka 30 ndi kanthu. Ambiri mwa oyamba aja adatisiya akudikirabe.

Tsono anzanga, mbiri iyi ili m'midzi mwathu momwemuno. Alipo agogo amasiye omwe asunga khadi la malemu amuna awo m'sutikesi, osadziwa kuti pepalalo lingathandize ana ndi iwo omwe. Alipo olumala omwe sangayende mpaka ku boma la distrito. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu tafunsanani: m'mudzi muno otere ndi angati? Mapepala ali nawo? Ndani angawaperekeze kukafunsa? Mayankho anuwo muwatumize ku wailesi, tidzawawerenge pa pulogalamu yathu kuti akuluakulu amve.