Intaneti yodzera m'babu: imagwira bwanji ntchito, nanga ingatheke pa Boma pano?

Mumazidziwa zija: rauta ili pabalaza, koma mukangolowa kuchipinda, Wi-Fi yafooka chifukwa cha khoma la njerwa. Akatswiri ali ndi njira ina yogawira intaneti m'nyumba, yophatikiza mawaya a magetsi ndi kuwala kwa babu.

Mbali yoyamba imatchedwa PLC. Apa data imayenda m'mawaya omwe aja opita ku masoketi ndi kudenga, osakhomanso mawaya ena. Mbali yachiwiri ndi VLC, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina loti Li-Fi. Babu la LED limasinthasintha kuwala kwake mofulumira kwambiri moti diso silizindikira, koma kachipangizo kolumikizidwa ku laputopu kamawerenga kusinthako ngati uthenga. Mukaziphatikiza, waya amanyamula data kuchokera ku rauta kukafika pababu, babu n'kuimwaza m'chipinda.

Si nkhani ya dzulo iyi. Toshihiko Komine ndi Masao Nakagawa a ku yunivesite ya Keio ku Japan analemba za kuphatikiza njira ziwirizi mu 2003. Dzina loti Li-Fi analitchukitsa ndi Harald Haas wa ku yunivesite ya Edinburgh mu 2011. Kuno ku Africa, akatswiri a ku yunivesite ya Johannesburg akhalanso akufufuza zomwezi.

Ubwino wake ndi woti kuwala sikudutsa khoma, ndiye neba sangakubereni bando ali panja. Koma zovuta zilipo. Mafoni amene tili nawowa alibe kachipangizo kowerengera kuwala koteroko. Mafiriji ndi matchaja amasokoneza uthenga m'mawaya. Chachikulu n'choti magetsi akathima, zonse zathera pomwepo. Tikukumbuka mmene mdima unatikwanira namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130.

Pamenepa Mulanje ali ndi kamwayi. Madzi a m'phiri amapanga kale magetsi, monga a MEGA ku Bondo pa mtsinje wa Lichenya, ndipo pamene pali waya ndi babu, msewu wa data ulipo kale.

Koma musapusitsidwe ndi aliyense wokutsatsani "babu la intaneti yaulere". Babu limangogawa intaneti imene yafika kale m'nyumba. Bando la TNM kapena Airtel mudzaligulabe.