Mutu wa Banja: Mbiri ya Chiphunzitso cha Eklezia pa za Mwamuna ndi Mkazi mu Ukwati

Pa zaka zitatu zilizonse, pa Lamulungu la 21 la pachaka, Eklezia amatiŵerengera mau a pa Aefeso 5:21-32, pamene akazi akuuzidwa kuti azimvera amuna ao, ndipo mwamuna akutchedwa mutu wa mkazi. Mau ameneŵa amaŵadziŵa ngakhale anthu osaloŵa m'tchalitchi. Timaŵamva m'kamwa mwa ankhoswe ndi alangizi, mwinanso m'kamwa mwa mwamuna amene wangomenya kumene mkazi wake. Nchifukwa chake ife amene tidalandira udindo wolalika, pamodzi ndi amene akukonzekera udindowo, tiyenera kudziŵa njira imene Eklezia wayenda ndi mau ameneŵa, kuwopa kuti tingaime pamalo pamene iye adapitirirapo kale.

Chiphunzitso choti mwamuna azilamulira nyumba sichidayambe ndi Akhristu. Aristotle, amene adamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, adaphunzitsa kuti nyumba imaima pa maubale atatu: mwamuna ndi mkazi, bambo ndi ana, mbuye ndi kapolo, ndipo pa ubale uliwonse wolamulira ndi mwini nyumba. Malamulo a Aroma nawonso adaika ana ndi akapolo m'manja mwa tate wa banja. Maubale atatu omwewo timaŵapeza pa Aefeso 5:21-6:9 ndi pa Akolose 3:18-4:1, zimene zikutisonyeza kuti Akhristu oyamba adatenga nyumba monga momwe adaipezera. Koma m'nyumbamo adaloŵetsamo chinthu chachilendo. Ndime 21 ya Aefeso 5 ikuuza onse kuti azigonjerana chifukwa choopa Khristu, ndipo m'mipukutu ina yakale kwambiri ya Chigriki ndime 22 ilibe mneni wakewake, imangotsamira pa ndime 21. Mwamuna salamulidwa kuti agonjetse mkazi; katatu konse akuuzidwa kuti amkonde, ndipo muyeso wa chikondicho ndi imfa ya Khristu. Pa 1 Akorinto 7:4 Paulo woyera akupatsa mkazi mphamvu pa thupi la mwamuna wake, yofanana ndi imene mwamuna ali nayo pa thupi la mkazi.

Makolo a Eklezia adasunga mbali zonse ziŵiri. Augustine woyera, m'buku lake lonena za ubwino wa ukwati limene adalilemba cha m'ma 401, adatchula zabwino zitatu za ukwati: ana, kukhulupirika ndi sakramenti. Kukhulupirikako adakufuna kwa mwamuna chimodzimodzi ngati kwa mkazi, pamene malamulo a Aroma ankalanga kwambiri chigololo cha mkazi nkumalekerera mwamuna wogona ndi mdzakazi wake. Komabe kuti mkazi ali pansi pa mwamuna sadakayike konse. John Chrysostom woyera, amene adamwalira mu 407, adavomera umutu wa mwamuna, koma adalalika mwamphamvu kuti mkazi sasungidwa ndi mantha ngati kapolo, ndipo adadzudzula amuna omenya akazi ao.

M'zaka zapakati Eklezia adachita chinthu chimene chidakweza mkazi koposa maulaliki ambiri. Kale mu 866 Papa Nicholas I adalembera anthu a ku Bulgaria kuti chimene chimamanga ukwati ndi chivomerezo cha okwatiranawo, ndipo Papa Alexander III (1159-1181) adakhazikitsa mfundoyi m'malamulo. Kuyambira pamenepo mau a mtsikana adalemera chimodzimodzi ndi a mnyamata, ndipo makolo sakanatha kuvomera m'malo mwake. Peter Lombard, Episkopi wa ku Paris, adaphunzitsa kuti mkazi adatengedwa m'nthiti kuti akhale mnzake wa mwamuna, osati mbuye wake kapena kapolo wake. Thomas Aquinas woyera (1225-1274) adatcha ukwati chibwenzi chachikulu koposa, ndipo adakana mitala poti chibwenzi chimafuna kulingana. Koma Aquinas yemweyo, potsata Aristotle pa za chilengedwe cha thupi, adakhulupirira kuti mwamuna ndiye ali ndi nzeru zambiri zolamulira. Apa tiwona kuti maziko ena a chiphunzitso cha umutu adachokera ku nzeru za Agriki, zimene lero palibe katswiri wa zamoyo angazivomere.

M'chaka cha 1880 Papa Leo XIII, m'kalata yake Arcanum, adabwereza kuti mwamuna ndiye mkulu wa banja, koma mkazi amvere ngati mnzake, osati ngati wantchito. Malamulo a Eklezia a 1917 adaika mkazi pambuyo pa mwamuna; lamulo 93 linkati kwao kwa mkazi wokwatiwa nkomwe kuli kwa mwamuna wake. Mu 1930 Papa Pius XI, m'kalata ya Casti Connubii, adatcha mwamuna mutu ndipo mkazi mtima wa banja. Adawonjeza mfundo ziŵiri zofunika: kuti kumverako kumasiyana molingana ndi anthu, malo ndi nthaŵi, ndiponso kuti mwamuna akanyalanyaza udindo wake, mkazi ndiye atsogolere banja.

Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, udafotokoza ukwati ngati chipangano ndi chiyanjano cha moyo ndi chikondi, nutsindika ulemu wofanana wa mwamuna ndi mkazi, osatchulapo za kumvera kwa mkazi. Malamulo atsopano a 1983 adatsata njira yomweyo: lamulo 104 limati okwatirana akhale ndi kwao kumodzi, osanena kuti nkwa yani, ndipo lamulo 1135 limapatsa onse aŵiri udindo ndi ufulu wofanana. Mu 1988 Papa John Paul II, m'kalata ya Mulieris Dignitatem, adaphunzitsa kuti kulamulidwa kwa mkazi kotchulidwa pa Genesis 3:16 ndi chipatso cha tchimo, ndi kuti pakati pa okwatirana kugonja kuyenera kuchokera mbali zonse ziŵiri. Adafanizira nkhaniyi ndi ya ukapolo, umene udatenga zaka mazana ambiri kuti uthe ngakhale Uthenga Wabwino unali utautsutsa kale. Mu 2016 Papa Francis, mu Amoris Laetitia, adakana kugwiritsa ntchito Aefeso 5 popondereza akazi. Tisabise kuti alipo Akhristu, m'mipingo ina ngakhalenso mwa ife Akatolika, amene amati umutu wa mwamuna ndi dongosolo la chilengedwe losasinthika. Koma ngakhale iwowo amavomera kuti umutuwo ndi utumiki.

Mbiri imeneyi ikutikhudza mwapadera kuno kwathu. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, adabwera ndi chiphunzitso cha Leo XIII pakati pa anthu ambiri a chikamwini. Kwa Acheŵa, Amang'anja ndi Ayao mwamuna ankakamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, munda unali wa kuchikazi, ndipo mau omaliza pa ana anali a malume, mwini mbumba. Lamulo 93 linkaganizira mkazi wotsata mwamuna, pamene kuno mwamuna ndiye ankatsata mkazi, pokhapokha akalolezedwa chitengwa. M'malo otere kulalika umutu wa mwamuna kudali ndi ubwino wake, poti kunkakumbutsa mkamwini kuti ana ndi akenso ndipo sangaŵasiyire mlamu wake. Koma kumadera a malowolo, monga kwa Atumbuka ndi Asena, mau omwewo ankagwa pa nthaka ina, pamene mphamvu za mwamuna zidali zazikulu kale. Mau amodzi adabala zipatso zosiyana, monga momwe Pius XI adanenera za malo ndi nthaŵi.

Tsono pokonzekeretsa anthu ku ukwati, tisayambire pa ndime 22 nkudumpha ndime 21. Tikamuuza mwamuna kuti ndi mutu, timuuzenso kuti Mutu wa Eklezia adasambitsa mapazi a ophunzira ake nafera pa mtanda. Mkazi akabwera kwa ife ndi mabala, tisamubweze ndi mau oti banja nkupirira. Lamulo la dziko la Malaŵi la 2006 limaletsa nkhanza za m'banja, ndipo lamulo 1153 la Eklezia limalola wokwatira amene moyo wake kapena wa ana uli pa chiswe kuti apatukane ndi mnzake. Alangizi ndi ankhoswe a m'miphakati yathu amaphunzitsa zimene adamva kwa ife, ndipo ngati tidaŵapatsa theka la chiphunzitso, ndi udindo wathu kuŵapatsa theka lotsalalo.