Zipata zitatsekedwa, wa ku Kabudula anatsala yekha

Pa 23 Malichi 2020 sukulu ndi makoleji onse m'Malawi anatsekedwa, Pulezidenti Peter Mutharika atalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya Covid-19. Nthendayo inali isanapezeke n'komwe kuno. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Ophunzira a ku Natural Resources College ndi ku Namitete Technical College anamanga katundu, ulendo kumudzi.

Chipata cha koleji chinatsekedwapo kale. Mu 2011, Mutharika yemweyo ali nduna ya zamaphunziro, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kukamupanikiza ndi mafunso pa zomwe anaphunzitsa m'kalasi. Aphunzitsi anzake, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, ananyanyala ntchito miyezi yambirimbiri. Apo wopondereza ankadziwika dzina ndi nkhope.

Mu 2020 panalibe womuloza chala, pakuti ndani akanatsutsa zoteteza moyo? Makoleji ena anangoti maphunziro apitirire pa intaneti. Mwana wa mu Area 47 zinamuyendera. Mnzake wa ku Kabudula kapena Nsaru, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi, ankayamba watchajitsa foni pa sola ya pagolosale, n'kupempha ya bandulo kwa makolo amene fodya wawo anali asanagulitsidwe, kenako n'kukaima pachulu kusaka netiweki. Notsi zikamatsika, bandulo yatha. Kumeneko ndi kusankhana, ngakhale palibe analemba lamulo lake.

Ena anali ndi owalankhulira. Mavenda anachita zionetsero, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa lamulo lotsekera anthu m'nyumba masiku 21, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litadandaula kukhoti. Mu Febuluwale 2021 aphunzitsi a m'sukulu za boma, kudzera m'bungwe lawo la TUM, ananyanyala ntchito pofuna ndalama ya chiopsezo. Koma ophunzira a m'makoleji, amene mphamvu yawo ndi kusonkhana pamodzi, mliri unawamwaza m'midzi, aliyense payekha.

A chaka chomaliza anabwerera m'kalasi mu Seputembala 2020, ndipo mu Januwale 2021 sukulu zinatsekedwanso, nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi. Mu Epulo kafukufuku anaulula kusakazidwa kwa gawo la K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliri, ina itathera m'maalawansi, mpaka Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito Ken Kandodo.