Kusenzerana Katundu: Uphungu wa Nkhalamba Ziŵiri za ku Gaza

Wansembe aliyense amene wakhalako pa parishi akudziŵa kuti ambiri mwa anthu ogogoda pa khomo pake sabwera kudzalapa ai. Wina banja lake likugwedezeka, wina waika mwana m'manda, wina mtima wake wauma ndipo sathanso kupemphera. Alipo ena amene amayesa kuti ntchito yothandiza anthu otereŵa, imene timaitcha uphungu, ndi yachilendo mu Eklezia, ati tidachita kuibwereka kwa akatswiri a za maganizo a munthu. Mbiri ya Eklezia ikutiuza zina.

Amonke a m'chipululu cha Egypt, amene adatsata chitsanzo cha Antony Woyera (adamwalira mu 356), adali ndi mwambo woulula maganizo ao kwa mkulu. Zimene ankaulula sadali machimo ochita kale okha, koma makamaka maganizo ongoyamba kumera mumtima, asadabale tchimo. Evagrius, amene adamwalira mu 399, adaŵerenga maganizo asanu ndi atatu ozunza munthu, ndipo pakati pao adaikapo mkwiyo, chisoni ndi kulefuka kwa mtima. Mwambo umenewu udafalikira mpaka ku Palestine, ndipo kumeneko ndiko kudatsala umboni wotiwonetsa bwino m'mene uphunguwo unkachitikira.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 500, mmonke wina wochokera ku Egypt, dzina lake Barsanuphius, adadzitsekera m'kachipinda pafupi ndi nyumba ya amonke imene mkulu wake adali Seridos, kufupi ndi mzinda wa Gaza. Pambuyo pake mmonke wina, John, adayamba moyo womwewo chapafupi pomwepo. Anthu ankatcha Barsanuphius Nkhalamba Yaikulu, ndipo John ankamutcha Nkhalamba Inayo. Barsanuphius sankawonana ndi munthu kupatula Seridos, amene ankabwera ndi mafunso a anthu nalemba mayankho ake. Mmonke wina adafika pokayika ngati nkhalambayo ilipodi, poganiza kuti Seridos akungopeka. Barsanuphius adatuluka, nasambitsa mapazi a abalewo, nabwereranso m'kachipinda kake.

Mafunso ndi mayankho okwana pafupifupi 850 adasungika, ndipo adasindikizidwa ku Venice mu 1816. Ofunsawo adali amonke, aepiskopi ndi akristu eniake. Mlimi wina adafunsa za dzombe limene lidagwa m'munda mwake, poopa kukangana ndi anansi ake akalipirikitsa. Wina, chiŵeto chake chitadwala, adafunsa ngati nkololedwa kuitana munthu wamatsenga. Adauzidwa kuti matsenga ngoletsedwa, koma kufuna mankhwala kwa odziŵa za ziŵeto si tchimo. Nkhalambazo sizidanyoze funso lililonse kuti nlachabe. Kwa izo, chimene chikusautsa munthu ndicho khomo loloŵera mumtima mwake.

Zinthu zitatu zikuwonekera m'mayankhoŵa. Choyamba, nkhalambazo zinkayankha munthu malinga ndi mphamvu zake, kotero kuti anthu aŵiri ofunsa funso limodzi ankatha kulandira mayankho osiyana. Mmonke wokalamba dzina lake Andrew ankavutika mumtima chifukwa matenda adamlepheretsa kusala zakudya. Barsanuphius adamlangiza kuti apatse thupi lake zimene likusoŵa, pakuti matenda opiriridwa mothokoza Mulungu amaloŵa m'malo mwa kusalako.

Chachiŵiri, nkhalambazo zinkasiyanitsa uphungu ndi lamulo. Lamulo limamanga munthu, pamene uphungu umamsiya ndi ufulu wake. Mfundo iyi ndi yofunika kwa ife amene tidaphunzira filosofi, chifukwa ntchito imene munthu waichita mongokakamizidwa si yake kwenikweni, ndipo siingamkulitse. Phungu amene amasankhira anthu zochita amaŵasandutsa ana osakula.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, Barsanuphius adamvetsa malangizo a Paulo Woyera a pa Agalatiya 6:2 monga momwe alili. Kwa Andrew yemwe uja, amene ankaopa chiweruzo cha Mulungu, adalonjeza kuti asenza theka la katundu wake. Tiwone bwino: theka, osati yense. Akadakana kusenza, akadakhala mphunzitsi chabe woloza njira ali chikhalire. Akadatenga yense, akadalanda Andrew gawo lake pa nkhondo ya mtima wake. Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga; koma nzoonanso kuti mwini nyumba sakhala pansi pamene anzake akumkwezera dengalo.

Chipatso cha uphunguwu chidawoneka mwa Dorotheus, mnyamata wophunzira kwambiri amene adaloŵa m'nyumba ya Seridos ali wosautsidwa ndi zilakolako za thupi ndiponso maganizo ofuna kuthaŵa. Nkhalambazo sizidamlole kudzipatula msanga monga ankafunira, koma zidampatsa ntchito yosamala odwala, ndipo atafunsa ngati angaŵerenge mabuku a zamankhwala, adaloledwa. Apa tiphunzirepo kuti uphungu wachikristu sudana ndi nzeru za madokotala. Wansembe akawona kuti amene wabwera kwa iye akudwala matenda a maganizo, amtumize kuchipatala, osaleka kumpempherera ndi kumuyendera. Dorotheus uja pambuyo pake adasanduka mphunzitsi wa amonke ena, ndipo maphunzitso ake akuŵerengedwabe.

Cha m'ma 543 Seridos adamwalira, ndipo m'malo mwake mudaloŵa Aelianus, munthu amene adali asadazoloŵere moyo wa amonke. John, amene naye imfa idali pafupi, adathera masabata aŵiri otsiriza a moyo wake akuyankha mafunso a mkulu watsopanoyo. John atamwalira, Barsanuphius sadayankhenso munthu wina aliyense, ndipo amonkewo adapitiriza ulendo wao ndi zimene adaphunzira.

Abale amene mukukonzekera unsembe, tsiku lina munthu adzakhala patsogolo panu ndi katundu amene sadamuululepo kwa wina aliyense. Musafulumire kumpatsa lamulo kuti muthane naye. Yambani mwamva funso lake lonse, muyese mphamvu zake, kenaka mudzifunse pamaso pa Mulungu kuti gawo limene inu mungasenze ndi liti.